Chilankhulo cha kompyuta chikasintha, mapulogalamu akale amatani?

Pa 1 Januwale 2020, anthu amene amasamalira chilankhulo cha Python anasiya kuthandiza Python 2, ndipo mbiri inafala yakuti Python 2 yafa. Komatu amene anayatsa kompyuta tsiku lotsatira anapeza mapulogalamu ake akuyenda monga mwa masiku onse. Palibe chimene chinazima. Patapita zaka ziwiri, mu Malichi 2022, Apple inachotsa Python 2.7 mu macOS 12.3, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ake, ndipo apa m'pamene ena anadzuka n'kupeza timapulogalamu timene ankadalira titangoti zii, ena osadziwa n'komwe kuti mkati mwake munali Python.

Nkhani zotere zimabwera chaka ndi chaka. Java yatsopano yatuluka koma makampani ena akadali pa Java 8. PHP yakutiyakuti yasiya kulandira zigamba zokonza zolakwika. Pulogalamu imene inkayenda bwinobwino yakana pambuyo pa update. Womva amatsala ndi mafunso: chilankhulo chimafa bwanji chikugwirabe ntchito? Nanga ngati chatsopano chili bwino, anthu akukakamira chakale chifukwa chiyani?

Nambala imene ili kutsogolo kwa dzina

Chilankhulo cholembera mapulogalamu ndi malamulo amene anthu anagwirizana: mawu amene mungalembe, dongosolo lake, ndi zimene kompyuta iyenera kuchita ikawawerenga. Makina paokha samva Python kapena Java. Pakati pamakhala pulogalamu yomasulira, yotchedwa compiler kapena interpreter, imene imasandutsa zolemba za munthu kukhala malangizo amene makina amamva. Palinso zida zopangiratu zimene zimabwera limodzi ndi chilankhulocho, zotsegulira mafayilo, zowerengera masiku, zolumikizira ku intaneti. Zimenezi amazitcha standard library. Munthu akanena kuti Python 3.12 kapena Java 21, akunena zitatu zonsezi monga zinalili pamene zinatulutsidwa. Imeneyo ndiyo version.

Munthu akamva mawu achikale amene agogo ake okha ndiwo ankalankhula, amatha kuganizira tanthauzo lake n'kupitiriza kucheza. Womasulira wa pakompyuta alibe mtima wotere. Kachizindikiro kamodzi kakakhala pamene lamulo latsopano silikulola, amaima pomwepo.

Ambiri amatsatira dongosolo la manambala atatu, monga 2.4.1, limene Tom Preston-Werner, mmodzi wa anthu amene anayambitsa GitHub, analilemba n'kulitcha Semantic Versioning. Nambala yomaliza ikakwera ndiye kuti akonza cholakwika, yapakati ikakwera awonjezera zatsopano, yoyamba ikakwera china chake chakale chithyoka. Koma musadalire kwambiri manambalawa pa zilankhulo. Python inachotsa chida chotchedwa distutils pochoka pa 3.11 kupita pa 3.12, nambala yoyamba osasintha. Java imakweza nambala yake miyezi 6 iliyonse, kaya pathyoka kanthu kaya ayi.

Kugwirizana ndi zakale

Chimene akatswiri amachitcha backward compatibility ndi lonjezo lakuti zimene munalemba dzana zidzayendabe pa version ya mawa popanda kuzikhudza. Ganizirani za soketi ya magetsi. Wina akapanga soketi yatsopano yokhala ndi malo ochajira foni, koma mabowo akale n'kuwasiya mmene analili, wailesi yanu yakale ilowabe. Akasintha mabowowo, ngakhale pa zifukwa zomveka, chipangizo chilichonse m'nyumba chifunika pulagi yatsopano.

Lonjezoli limayang'ana mbali imodzi yokha. Pulogalamu yolembedwa ndi zinthu zatsopano za Java 21 sikuyembekezeka kuyenda pa Java 8. Ambiri amasokoneza ziwirizi.

Ganizoli ndi lakale kuposa zilankhulo zambiri za masiku ano. Chisanafike chaka cha 1964, kugula kompyuta yatsopano kawirikawiri kunkatanthauza kulembanso mapulogalamu. M'chaka chimenecho IBM inalengeza System/360, banja la makina aang'ono ndi aakulu omva malangizo ofanana, kuti kampani ikakula ingogula makina aakulu n'kusamuka ndi mapulogalamu ake. Makompyuta akuluakulu a IBM a lero amayendetsabe mapulogalamu ambiri a m'nthawi imeneyo.

Lonjezoli lili ndi magawo atatu, ndipo gawo limodzi likhoza kusungidwa lina likuthyoka. Loyamba ndi lakuti khodi imene munalemba ilandiridwebe ndi womasulira watsopano. Lachiwiri ndi lakuti pulogalamu yomasuliridwa kale, imene mwina khodi yake inatayika kapena ndi ya kampani ina, ilumikizanebe ndi zida zatsopano popanda kuimasuliranso. Apa ndi pamene mumamva mawu akuti ABI. Lachitatu ndi lakuti yankho likhale lomwelo. Lachitatuli ndilo loopsa, chifukwa likathyoka palibe uthenga wofiira umene umatuluka. Pulogalamu imangoyenda, n'kumapereka yankho lina.

Zimene zinachitika ndi Python 3

Guido van Rossum anatulutsa Python koyamba mu 1991. Pofika zaka za m'ma 2000, iye ndi anzake anali ataona zinthu zingapo zimene ankaziona kuti anazilakwitsa pachiyambi, ndipo anaganiza zozikonza zonse pakamodzi. Python 3.0 inatuluka mu Disembala 2008, ndipo ananeneratu poyera kuti sigwirizana ndi Python 2.

Chosintha chimene aliyense amakumbukira ndi chaching'ono. Mu Python 2 munkalemba `print "moni"`, mu Python 3 muyenera kulemba `print("moni")`. Ichi chinali chophweka, womasulira amakana nthawi yomweyo n'kukuuzani mzere wake.

Kugawa manambala ndiye kunali kwina. Lembani `7 / 2` mu Python 2, yankho ndi 3, chifukwa manambala onse awiri ndi athunthu ndipo chotsala chimatayidwa. Mu Python 3 yankho ndi 3.5. Tsono tayerekezani pulogalamu imene ikufuna dzina lapakati pa mndandanda wa maina 7. Imagawa 7 ndi 2 n'kupita pamalo amenewo. Pa Python 3 ipempha malo a 3.5, amene kulibe, ndipo igwa ndi uthenga wa cholakwika. Ameneyo ndi mwayi, mwiniwake aona n'kukonza. Koma pulogalamu ina yongowerengera kuti mabokosi odzaza ndi angati ingolemba 3.5 mu lipoti n'kupitirira, ndipo pangapite miyezi munthu asanafunse kuti theka la bokosi lachokera kuti.

Chachikulu koposa chinali malemba. Python 2 inkaona mawu ngati mndandanda wa ma byte, timagawo ting'onoting'ono timene kompyuta imasungiramo zinthu, ndipo izi zinkayenda bwino pa zilembo za Chingelezi, zimene chilichonse chimatenga byte imodzi. Tengani mawu akuti maŵa, olembedwa ndi ŵ. M'kalembedwe ka UTF-8, ŵ amatenga ma byte awiri. Mukafunsa Python 2 kutalika kwa `"maŵa"` ikuuzani kuti 5. Python 3 ikuuzani kuti 4, monga mmene munthu aliyense angawerengere. Mukadula mawuwo pakati pa ma byte awiri aja, mumatsala ndi zinyalala pasikirini. Kwa olemba zilankhulo zokhala ndi zilembo zoterezi, ndipo padziko lapansi ndiwo ochuluka, Python 3 inakonzadi vuto lenileni. Inasiyanitsa malemba ndi ma byte kotheratu, n'kumakana kuzisakaniza.

Koma walira mvula walira matope. Pulogalamu iliyonse yakale inafunika kuunikidwa mzere ndi mzere kuti apa mwiniwake ankatanthauza malemba kapena ma byte. Panali chida chotchedwa 2to3 chosinthira khodi, ndipo za `print` chinkazikonza mosavuta, koma sichikanatha kulowa m'mutu mwa wolemba kuti chidziwe chimene ankafuna. Kenako panabuka kudikirana. Wolemba pulogalamu sakanasamuka ma library amene amadalira, zida zopangiratu zolembedwa ndi anthu ena, asanasamuke, ndipo olemba ma library sankaona chifukwa chothamangira pamene anthu awo onse anali pa Python 2. Aliyense ankayang'ana mnzake.

Python 2.7 inatuluka mu 2010 ngati yotsekera, ndipo inayenera kutha mu 2015. Mu 2014 tsikulo analisuntha kufika 2020. M'zaka zimenezi anthu anaphunzira kulemba khodi imodzi yoyenda mbali zonse, mothandizidwa ndi library ya Benjamin Peterson yotchedwa six, dzina lochokera pa 2 kuchulukitsa ndi 3. Nawo eni chilankhulo anabwerera m'mbuyo pang'ono: mu Python 3.3 ya 2012 analolanso kalembedwe kakale koika `u` kutsogolo kwa mawu, kamene anali atakachotsa, kuti kusamuka kuphweke. Chigamba chomaliza, 2.7.18, chinatuluka mu Epulo 2020, patatha zaka zoposa 11 Python 3.0 itabadwa.

Anthu amawerenga mbiriyi mosiyana. Ena amati inali nthawi yotayika, ena amaloza kuti Python lero ili m'gulu la zilankhulo zogwiritsidwa ntchito kwambiri padziko, ndiye kuti bala linapola. Chilankhulo cha Perl chinayenda njira yofananako koma mapeto ake anali ena. Larry Wall analengeza Perl 6 mu 2000, inatuluka mu Disembala 2015, ndipo inali itasiyana kwambiri ndi Perl 5 moti mu 2019 anaisintha dzina kukhala Raku, zilankhulo ziwiri n'kumakhala chilichonse pachokha.

Amene analumbira kuti sadzathyola

JavaScript, chilankhulo cha masamba a pa intaneti, ili kumapeto enawo. Brendan Eich analemba chiyambi chake ku Netscape mu 1995, m'masiku pafupifupi 10, ndipo zina mwa zolakwika za masiku amenewo zilipo mpaka pano. Mukafunsa mtundu wa `null`, kutanthauza kupanda kanthu, imayankha kuti `"object"`. Aliyense amadziwa kuti yankholi n'lolakwika. Silinakonzedwe, chifukwa masamba a pa intaneti osawerengeka analembedwa modalira yankho lomweli.

Chifukwa chake n'chomveka mukaganizira amene amasankha version. Kampani yogwiritsa ntchito Python imasankha yokha tsiku losamukira. Mwini tsamba la pa intaneti sasankha browser, pulogalamu yotsegulira masamba, ya mlendo wake. Browser imadzikonza yokha usiku, ndipo ngati tsamba lolembedwa mu 2009 lasiya kutseguka, mlendoyo saimba mlandu wolemba tsambalo, amene mwina anasiya kalekale ntchitoyo. Amangoti browser iyi njosweka, n'kutsegula ina. Palibe wopanga browser amene amafuna kukhala woyamba kuthyola.

Mu 2018 komiti ya TC39, imene imayang'anira chilankhulochi, inkawonjezera chida chotambasulira mndandanda wokhala ndi mindandanda ina mkati, ndipo inachitcha `flatten`. Browser ya Firefox itachiyesa mu version yake yoyeserera, zinapezeka kuti masamba ogwiritsa ntchito library yakale yotchedwa MooTools akusokonekera, popeza MooTools inali ndi `flatten` yakeyake ndipo ziwirizi zinawombana. Wina anapereka mwanthabwala dzina lakuti `smoosh`, anthu ambiri n'kuyesa zenizeni, mkangano n'kubuka. Potsiriza chidacho anachitcha `flat`. Aka sikanali koyamba, chifukwa `includes` imene anthu amalemba tsiku ndi tsiku inayenera kukhala `contains`, ndipo inasinthidwa dzina chifukwa cha MooTools yomweyo.

Java nayo imasunga zakale mwakhama, ndipo mtengo wake umaoneka m'chilankhulo chenichenicho. Mu 2004, Java 5 inabweretsa njira yonenera kuti mndandanda uwu ndi wa mawu okhaokha, uwu wa manambala okhaokha. Kuti ma library akale apitirize kugwira ntchito, anakonza zoti compiler ikatsimikiza kuti zonse zili bwino, izifufuta chidziwitsocho. Pulogalamu ikamayenda, mndandanda ndi mndandanda basi. Ophunzira Java amapunthwabe pa malire amene anabwera chifukwa cha chisankhochi, ambiri a iwo anali asanabadwe pamene chinkapangidwa.

Zimene simunalonjeze koma anthu akuzidalira

Hyrum Wright, pamene ankagwira ntchito ku Google, anaona chinthu chimene lero chimadziwika kuti lamulo la Hyrum: ogwiritsa ntchito chida chanu akachuluka, zilibe kanthu kuti munalonjeza zotani, khalidwe lililonse looneka la chidacho wina adzalidalira. Zili ngati kanjira kodutsa pakapinga. Womanga sanakaike pamapu, koma anthu akadutsapo zaka zingapo, kukatseka kumakhala mlandu.

Zilankhulo ziwiri zinakumana ndi funso limodzi n'kuyankha mosemphana. Pali chida chosungira zinthu ziwiriziwiri, dzina ndi mtengo wake mwachitsanzo, ndipo mwamwambo sichilonjeza kuti zinthuzo zidzatuluka m'dongosolo limene zinalowera. Mu Python 3.6 anasintha kapangidwe ka mkati kuti chidacho chisamadye malo ambiri, ndipo dongosolo linayamba kusungika ngati chotsatira chabe. Zinali zoonekeratu kuti anthu alidalira, choncho mu Python 3.7 analisandutsa lonjezo. Eni chilankhulo cha Go anachita zosiyana. Anakonza dala kuti dongosololo lizisinthasintha nthawi iliyonse, kuti pasapezeke woliyika mumtima.

Sikuti ogwiritsa ntchito achite kufika mamiliyoni. Stuart Feldman analemba chida chotchedwa make ku Bell Labs mu 1976, ndipo anaika lamulo lakuti mizere ina iyambe ndi batani la tab, osati mipata wamba, zinthu ziwiri zimene maso sangazisiyanitse pasikirini. Iye mwini anafotokoza kuti pamene ankazindikira vutoli anali kale ndi anthu pafupifupi 12 ogwiritsa ntchito chidacho, ndipo sanafune kuwasokoneza. Tab ija ikuvutitsabe anthu lero.

Chenjezo chikwanje chisanadze

Pakati pa kuthyola ndi kusunga mpaka kalekale pali njira yochenjeza, imene amaitcha deprecation. Eni chilankhulo amalemba kuti chida ichi chikugwirabe ntchito koma musachigwiritsenso ntchito, chidzachotsedwa. Zili ngati chikwangwani pamlatho wakale chonena kuti watsopano uli apo, uwu udzatsekedwa.

Kutalika kwa nthawi yochenjezayi kumasiyana modabwitsa. Malamulo a Python amafuna kuti chenjezo likhalepo kwa ma version osachepera awiri, ndipo mu Python 3.13 ya 2024 anachotsa zida 19 zakale pakamodzi, kuphatikizapo cgi ndi telnetlib. PHP inachenjeza za zida zake zakale zolumikizira ku MySQL, pulogalamu yosungira deta, mu 2013 n'kuzichotsa mu PHP 7 mu 2015, ndipo masamba amene eni ake sanamvere anagwa pamene makampani osunga masamba anasamukira ku version yatsopano. Mu Java, mbali zambiri za chida cha masiku chotchedwa Date zinaikidwa chikwangwani mu 1997, ndipo zikadalipo.

Chitsanzo cha chilankhulo cha C ndi chochititsa mantha pang'ono. Chida chotchedwa `gets` chimawerenga zimene munthu walemba popanda kufunsa kuti malo osungirapo ndi aakulu bwanji, choncho palibe njira yochigwiritsira ntchito mosaopsa. Kachilombo ka Morris, kamene kanasokoneza makompyuta ambiri a pa intaneti mu 1988, kanalowera pa khomo limeneli mwa makomo ena. Chidacho chinachotsedwa m'malamulo a C mu 2011, patapita zaka 23.

Vuto la chenjezo ndi lakuti amene amaliona kawirikawiri si amene angakonze. Uthenga umatuluka pakompyuta ya wogwiritsa ntchito, pamene khodi yolakwayo ili mu library ya munthu wina. Python inafika pobisa machenjezo ambiri otere kuti asamasowetse anthu mtendere, ndipo zotsatira zake n'zakuti ena amamva za chenjezo tsiku limene chidacho chachotsedwa.

Malamulo awiri m'nyumba imodzi

Zilankhulo zimene zinakula pambuyo pa 2008 zinaphunzirapo kanthu pa Python 3. Ganizo lawo ndi lakuti khodi izinena yokha malamulo amene inalembedwera, ndipo womasulira mmodzi azimva onse. Kalata ikakhala ndi deti pamwamba, wowerenga amadziwa kuti "chaka chatha" chikutanthauza chaka chiti.

JavaScript inayamba kale pang'ono mu 2009, pamene inalola wolemba kuika mawu akuti `"use strict"` pamwamba pa fayilo kuti asankhe malamulo okhwima. Rust, imene inafika pa 1.0 mu Meyi 2015, inakuza ganizoli n'kulitcha edition. Pali ya 2015, 2018, 2021 ndi 2024. Mu edition ya 2018 mawu akuti `async` anakhala osungidwa, oti simungatchulire chinthu chanu, koma library yolembedwa mu edition ya 2015 ikhoza kuwagwiritsabe ntchito mwakale, ndipo ziwirizi zimalumikizana bwinobwino mu pulogalamu imodzi. Kudikirana kuja kumatha, aliyense amasamuka tsiku lake. A Rust alinso ndi chida chotchedwa Crater, chimene chimayesa compiler yatsopano pa ma library ochuluka a anthu kuti aone chimene chithyoke asanaitulutse.

Go inalonjeza mu 2012, potulutsa Go 1, kuti mapulogalamu olembedwa motsatira malamulo ake adzapitiriza kuyenda. Komabe inali ndi msampha wodziwika: pobwereza ntchito kangapo, kauntala inali imodzi yogawana, moti ntchito zimene zinkachedwa kuyamba zonse zinkapeza nambala yomaliza. Mu Go 1.22 ya 2024 anasintha khalidweli, koma kwa mapulogalamu okhawo amene fayilo yawo ya go.mod ikunena kuti ndi a 1.22 kapena kuposa. Akale anatsala ndi khalidwe lakale.

Njirayi ili ndi malire ake. Imatha kusintha kalembedwe, koma zida za pansi zimene ma edition onse amagawana sizingasinthe mosavuta. Ndipo compiler imanyamula malamulo onse akale, chaka ndi chaka katundu akuchuluka.

Kuthandiza version yakale kumatanthauzanji

Tibwerere ku funso loyamba lija. Version ikafika pa mapeto a moyo wake, palibe amene amaizimitsa. Chimene chimatha ndi ntchito ya anthu okonza. Bowo lachitetezo likapezeka mawa, chigamba sichibwera. Galimoto imene fakitale yasiya kupanga zipangizo zake imayendabe, vuto limadza tsiku limene china chathyoka.

Chilankhulo chilichonse chili ndi muyeso wake. Python imatulutsa version chaka chilichonse mu Okutobala n'kuisamalira zaka 5, zoyambirira akukonza zolakwika zonse, zotsalazo zachitetezo zokha. Go imasamalira ma version awiri omaliza, zimene zimakwana pafupifupi chaka. Rust imatulutsa yatsopano masabata 6 aliwonse n'kusamalira yomalizayo basi, podalira kuti kusamuka sikupweteka. Java imasankha ma version ena, monga 8, 11, 17 ndi 21, kuti asamalidwe zaka zambiri, ndipo makampani osiyanasiyana amagulitsa kapena kupereka chisamalirocho. Palinso ena apakati: Red Hat inapitiriza kusamalira Python 2.7 ya mu Red Hat Enterprise Linux 7 mpaka Juni 2024, eni chilankhulo atasiya kale.

Anthu amakhalira pa zakale pa zifukwa zimene si ulesi nthawi zonse. Makina a m'chipatala kapena a m'fakitale amayesedwa ndi kuvomerezedwa ali ndi version inayake, ndipo kuisintha ndi kuyambiranso kuyesa. Kwina wolemba pulogalamu anachoka osasiya mayeso oti wina adziwire ngati yasweka. COBOL, chilankhulo cha mu 1959, chikuyendetsabe ntchito m'mabanki ndi m'maboma ambiri. Mu Epulo 2020, anthu opempha thandizo la ulova atachuluka chifukwa cha Covid-19, amene anali bwanamkubwa wa New Jersey ku America, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti athandize.

Amene amapanikizika pakati ndi olemba ma library, ndipo ambiri a iwo salipidwa. Akathandiza ma version akale, sangagwiritse ntchito zatsopano za chilankhulo, khodi imadzaza ndi nthambi zakuti ngati ndi version iyi chita chakuti, ndipo mayeso onse ayenera kuyendetsedwa pa version iliyonse. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji asanu. Akasiya akalewo, madandaulo amabwera kuchokera kwa amene sangathe kusamuka. Mu 2019 a NumPy ndi anzawo olemba zida zasayansi anagwirizana zothandiza ma version a Python a m'miyezi 42 yapitayo, kuti mkangano usamayambirenso nthawi zonse. Chimafewetsa nkhaniyi ndi chakuti library imatha kulemba version yotsikitsitsa imene imafuna, ndipo pip, chida chotengera ma library a Python, ikaona kuti Python yanu njakale imakutengerani library yakale yogwirizana nayo. Simuthyokeredwa kanthu, kungoti zatsopano zimakudutsani.

Mukayang'ana njira zonsezi, ntchito yake sichoka, imangosamuka. Python 3 inaisenzetsa ogwiritsa ntchito ndi olemba ma library kwa zaka khumi. JavaScript inaisenzetsa aliyense wodzaphunzira chilankhulocho m'tsogolo. Rust ndi Go anaisenzetsa olemba compiler.

Mafunso amene akadali poyera

Komiti ya C++ itakumana ku Prague mu Febuluwale 2020, inakambirana ngati ithyole ABI kuti zida zina zifulumire ndi kukonzedwa. Sinavomere kuthyola mu version yotsatira, komanso sinalonjeze kuti sidzathyola. Ena amati kusasankhako kumalipiritsa aliyense liwiro chaka chilichonse, ena amati kuthyola kungasiye pamtunda mapulogalamu amene khodi yawo kulibenso. Nkhaniyi sinathe.

Python nayo ili ndi mayeso atsopano. Kuyambira 3.13 pali mtundu woyendetsa ntchito zingapo nthawi imodzi popanda loko wamkati wotchedwa GIL, amene amalola ntchito imodzi yokha pa nthawi, ndipo ma library ambiri olembedwa mu C ankadalira lokoyo mosanena. Oyang'anira chilankhulo anati apita pang'onopang'ono ndipo akhoza kubwerera ngati zitavuta. Kodi mitundu iwiriyi idzayenda limodzi zaka zingati?

Pali funso la chitetezo. Khalidwe lakale likapezeka kuti ndi khomo la akuba, pafupifupi onse amavomereza kuti lithyoledwe. Koma likakhala longokopa anthu kulakwitsa, monga `gets` inachitira zaka zonse zija, malire ali pati, ndipo amaika ndani?

Pali funso la ndalama. Kampani yopeza phindu ndi pulogalamu ya pa version yakale, kodi ili ndi ufulu woyembekezera kuti munthu wongodzipereka aisamalire kwaulere? Ngati chisamaliro chautali chikhala chogula, sukulu ndi mabungwe ang'onoang'ono amene sangakwanitse atsala pati?

Ena akuyembekeza kuti zida za AI zosinthira khodi zidzatsitsa mtengo wosamuka mpaka kuthyola kudzasiya kuopsa. Zikhoza kuthandiza pa khodi imene ili ndi mwiniwake komanso mayeso. Koma tsamba la mu 2009 lija, limene palibe akulisamalira koma anthu akuliwerengabe, ndani adzalitsegule kuti alisinthe?